Chiphaso cha Malemu

Mayi Glenys Pratten anaimika pikapu pakhomo pa shedi yogwiriramo ntchito ya Warrick Tulloch dzuwa lisanafike pamutu, koma malata anali atayamba kale kulira ndi kutentha. Warrick anawaonera pazenera, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo sanafulumire kutuluka. Pikapu imeneyo ankaidziwa bwino. Pachitseko pake panali dzina limene iye analeka kulitchula zaka zambiri zapitazo: Neville Pratten, okonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba. A Neville anali atatsamira mkono Lolemba masana, tauni yonse ya Gundabilla inamva, ndipo Warrick anangotuma mkazi wake Leanne kuti akapepese, iye n'kutsala. Anthu analankhula, koma iye anatseka makutu.

"Iwe Warrick, ndakuona pazenerapo," anatero mayiwo. "Tuluka. Usandiimike padzuwa ngati ndikugulitsa timabuku ta mpingo."

Anatuluka. Mayi Glenys anali munthu amene anamudyetsa nkhomaliro zaka khumi, kuyambira ali kamnyamata kosamera ndevu, pamene a Neville ankamuphunzitsa kugwira sipanala ndi kuwotcherera mapaipi. Munthu wotero sumusiya padzuwa ngakhale mwamuna wake atakulakwira chotani.

Ndipo a Neville anamulakwiradi. Warrick atadziwa ntchito anatsegula shedi yakeyake kumwera kwa mtsinje, mbali ya New South Wales, n'kutenga chiphaso cha boma la kumeneko. A Neville anatsala kumpoto, mbali ya Queensland, ndi chiphaso chawo. Pakati pawo panali mlatho umene nkhalamba ya ndodo imawoloka isanamalize kudandaula za mawondo ake. Lamlungu lina lotentha, a Neville atapita kukawedza, chipinda chozizira cha kubutchala ya kumpoto chinafa nyama ili thoo, ndipo mwini butchala anaimbira Warrick akulira. Warrick anawoloka, anakonza, nyama inapulumuka. Patapita milungu ingapo anamva kuti wanenezedwa. Anamulipitsa chindapusa chogwira ntchito popanda chiphaso cha tsidyalo, ndipo a ofesi ya kwawo nawo anamuchenjeza kuti akadzabwereza adzamulanda ngakhale chimene ali nachocho. Amene anamuneneza sanabisale n'komwe. A Neville anauza aliyense kubala kuti lamulo ndi lamulo, iwo amalipira chiphaso chaka ndi chaka, ndiye sangaonerere kamwana kamene anakalera okha kakudyera m'mbale mwawo.

Kunena zoona, Warrick akanatha kupempha chiphaso cha tsidya linalo. Anzake anamuuza, Leanne anamuuza mpaka kutopa. Koma iye anali waliuma ngati mphunzitsi wake yemweyo. Ankati sangalipire kawiri chifukwa cha manja amodzimodziwa, ndipo firiji ya ku Queensland siilira chilankhulo china. Choncho anthu a kumpoto akamuimbira ankawauza kuti manja ake amathera pakati pa mlatho.

Mayi Glenys sanafune mpando. Anafotokoza ali chiimire kuti chipinda chozizira cha kunyumba yachisoni ya Noelene Pascoe chinaleka kuzizira dzulo madzulo, ndipo a Neville ali m'menemo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Bronwyn, ananyamuka kale ku Canada, adzatera Lachisanu pa kandege kakang'ono, ndipo pafoni anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti bokosi lisatsekedwe asanaone nkhope ya bambo ake, amene sanawaone zaka zisanu. Lero linali Lachitatu. Misewu yonse iwiri yopita kumatauni akuluakulu inali itadulidwa ndi madzi a mvula imene inagwa kutali kumapiri milungu yapitayo, madzi aja amafika kuno mwakachetechete kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Kachipatala kanali ndi malo awiri okha osungira matupi, ndipo kutenthaku kunali kutawadzaza kale. Eni bala anapereka ayezi wawo yense, moti amuna a kumpoto ankamwa mowa wofunda chifukwa cha a Neville, koma ayeziyo ankasungunuka akungotsitsidwa m'galimoto.

"Aitaneni a chiphaso," anatero Warrick. Mawuwo anatuluka oipa kuposa mmene anafunira, koma sanawabweze. "Si ndi zimene a madala ankafuna? Munthu wa chiphaso cha Queensland."

"Wa chiphaso cha Queensland m'tauni muno ndi mmodzi, ndipo wagona m'chipinda chomwecho."

"Ndiye mwabwera kwa chigawenga."

"Ndabwera kwa iwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Warrick anayang'ana pansi. Mtima unali utamutentha, koma ankaona kale m'maganizo mwake makina aja ali pakhoma la kumadzulo kwa nyumba ya Noelene, chifukwa anathandiza kuwakweza iye yemwe ali mnyamata. Ananena monyinyirika kuti abwera, alowera kuseri, asiya galimoto yake kutali, ndipo wina asatsegule pakamwa.

Mayi Glenys anapukusa mutu. Anati Noelene wakana kale zimenezo. A inshuwalansi ake akangomva kuti munthu wopanda chiphaso wagwira makinawo, nyumba yonse ikhala yopanda chitetezo, ndipo m'Gundabilla mulibe kuseri, mbuzi ikatsokomola kumwera a kumpoto amafunsa ngati yamwa mankhwala. Komanso iwo eni ake, mayi Glenys, sakufuna kuti Warrick alandidwe chiphaso chifukwa cha banja la Pratten, kamodzi kaja n'kokwana. Anali ataimbira a ofesi ya ziphaso itangotsegulidwa, ndipo anawauza kuti chiphaso cha kampani ya a Neville sichifa tsiku limene mwini wake wafa. Chimakhalabe chamoyo milungu ingapo, kuti kampaniyo ipeze wina woimirira. Warrick Tulloch payekha sangagwire makinawo, koma wantchito wolembedwa ndi kampani ya Pratten angathe.

Atatero anatsegula chitseko cha pikapu n'kutulutsa malaya abuluu opindidwa bwino. Pathumba la pachifuwa panali dzina la a Neville losokedwa ndi ulusi wofiira.

Warrick anaseka, koma sikunali kuseka kwa munthu wokondwa.

"Mayi, tandiuzani ngati ndamva bwino. Ine wamoyone, ndi manja angawa, ndi sipanala yangayi, ndikagwira paipi ija ndine wakuba. Koma ndikavala dzina la munthu wakufa, n'kugwira paipi yomweyo, ndi manja omwewa, basi ndayera?"

"Ndi mmene anenera."

"Ndipo wondiyang'anira pantchitoyo ndi ndani? Iwo omwe agonawo? Azidzandiuza kudzera pakhoma kuti ndamanga nati mopotoka?"

"Akanatha, akanakuuza."

Warrick anayamba kuyendayenda pakhomopo akulankhula ngati ali pamsonkhano. Anati chiphaso chogwirira gasi ali nacho, chimagwira ntchito dziko lonse kuchokera kunyanja iyi mpaka kunyanja inayo, koma kuti alandire ntchito m'dzina lake mbali inayo ya kamtsinje kamene theka la chaka ana amakawoloka osanyowa mawondo, pamenepo ndiye pakufunika pepala lina. Anati anthu amene analemba zimenezi sanagwirepo paipi yotentha chibadwire, amakhala m'maofesi ozizira bwino ndi makina amene anthu ngati iye anaika, n'kumajambula mizere pamadzi. Anati maboma awiriwa amalephera kugwirizana ngakhale pa nthawi ya wotchi, m'chilimwe munthu umanyamuka kumwera teni koloko n'kufika kumpoto naini koloko, ndiye angagwirizane bwanji pa manja a munthu. Zonsezi zinali zoona ndithu, koma mayi Glenys anali atazimvapo kambirimbiri, ndipo anangoima atatambasula malayawo.

Leanne, amene ankamvetsera ali pakhonde, ndiye anadula nkhani.

"Vala malayawo, bambo a nyumba ino. Mlandu suwola, uupeza pobwera. Koma munthu amawola."

Anavala. Malayawo anali othina m'mapewa, zimene zinamudabwitsa, chifukwa a Neville amene iye ankawadziwa anali chimunthu chodzaza chitseko. Mabatani munalibe. Wina anali atawachotsa onse n'kusokerapo tinsalu tomata tija ta pa nsapato za ana. Warrick anaganiza kuti ndi mafashoni a masiku ano, anamata pachifuwa mokwiya, n'kulanda makiyi a pikapu.

Atangotsika mlatho anapeza amuna atakhala pakhonde la bala ndi mowa wawo wofundawo. Mkulu wina wometa nkhosa wopuma ntchito, dzina lake Clarrie, anaimirira n'kuvula chipewa.

"Anyamata, taonani, Neville wauka. Ndipo waukanso ndi tsitsi lakuda."

"Khalani pansi, a Clarrie, mungagwe," anayankha Warrick pazenera. "Mukagwa lero kulibe kokusungani."

Anaseka onse, koma Warrick anamva kuseka kumeneko kukumutsatira msewu wonse. Zaka zonsezi anali atayenda mutu uli m'mwamba monga munthu amene analakwiridwa, ndipo lero ankadutsa pamaso pawo atavala dzina la womulakwirayo ngati mwana wobwezedwa kwawo atathawa. Zinamuwawa kwambiri.

Noelene Pascoe anawachingamira pakhomo. Anali mayi wowonda, waulemu, wochita zinthu mwadongosolo mpaka kutopetsa, ndipo ngakhale ankamudziwa Warrick kuyambira kusukulu ya mkaka, anamufunsa pamaso pa mayi Glenys kuti wabwera m'dzina la ndani. Warrick analoza pachifuwa. Noelene anati akufuna amve ndi makutu ake. Warrick anatchula dzinalo ngati akulavula njere ya ndimu, ndipo Noelene anamutsegulira kachipata ka kumbali.

Makinawo anali pomwe anawasiya kalekale, pakhoma loyang'ana kumadzulo. Konkire inali yotentha moti anayala katoni asanagwade. Kompuresa, injini yopopa gasi m'makinawo, inali ikulira, koma inkalira mopanda mphamvu, ndipo atalumikiza zoyezera zake anaona zimene ankayembekezera: gasi anali atathawa pafupifupi yense. Penapake panali pobooka. Anasungunula sopo m'madzi monga anaphunzitsidwira, n'kuyamba kupaka polumikizira paliponse, akudikira kuti thovu limuuze. Kutsogolo konse kunali bwinobwino, ntchito yaukhondo ya a Neville a kale, mapaipi opindidwa mokongola ngati ojambula. Anagona chammbali n'kulowetsa dzanja kuseri, pakati pa makina ndi khoma, pamene diso la munthu wodutsa silingafike. Zala zake zinakhudza chinthu chimene sichinayenere kukhala pamenepo.

Anaunika ndi tochi. Paipi inali itakulungidwa ndi tepi wakuda, wambirimbiri, ndipo pansi pa tepiyo panali phala lija lotuwa limene anthu amamatira zidebe zodontha. Atapakapo sopo, thovu linafufuma ngati la mowa.

Warrick anakhala tsonga. Tepi. Pa zinthu zonse za padziko lapansi, tepi. Chaka chake choyamba pantchito, a Neville anamupeza akukulunga tepi pa paipi yodontha kuti igwireko mpaka mawa. Anamulanda mpukutu wa tepiyo n'kuuponya padenga la sitolo, kenako anamukweza padengapo dzuwa likuswa mtengo kuti akautole, atatsika nawo anauponyanso. Ankati tepi ndi bodza lakuda, munthu womata tepi pa paipi ya gasi angathenso kuba m'mbale ya chopereka. Ndipo tepi uyu sanali wakale. Anali asanachite n'komwe mbuu ndi fumbi.

Choyamba chimene Warrick anamva chinali chimwemwe, ndipo chinali chimwemwe chonyansa. Anatulutsa foni n'kujambula. Nayu tsopano mwini lamulo, nayu wolipira chiphaso chaka ndi chaka. Munthu amene anamuneneza chifukwa cha ntchito yaukhondo, imene mpaka lero sinadonthe, iye mwini anamata phala la zidebe pa makina osungira akufa, ndipo lamulo linamuvomereza. Ankaona kale mmene adzaikire foniyo patebulo la kubala pamaso pa a Clarrie ndi anzawo. Anajambulanso kachiwiri, moyandikira, kuti tepiyo aoneke bwino.

Pachithunzi chachiwiricho ndi pamene anaona khoma. Kuseri kwa paipiyo khoma linali lopserera, koma osati malo amodzi ngati mmene moto wowotcherera umasiyira chizindikiro dzanja likakhala chilili. Mizere yakuda inali itayendayenda uku ndi uku, kukwera, kutsika, ina kutali ndi paipi ngati chikhatho chonse. Pansi pakonkire panali timadontho tambirimbiri ta mtovu wowotcherera umene unagwa osafika pamene unkafunika. Munthuyo anayesa. Anayesa kambiri, atagona pakonkire yomweyi, moto uli m'manja, ndipo dzanja linkakana kuima malo amodzi. Tepi anabwera pomalizira, zina zonse zitakanika.

Dzanja la Warrick linapita lokha pachifuwa, pa tinsalu tomata tija. Apa ndi pamene anamvetsa chifukwa chake mabatani anachotsedwa.

Kenako mkwiyo unabweranso, waukulu kuposa wa m'mawa uja, kungoti tsopano unasowa poima. Anakwiyira a Neville, nkhalamba yamakani, imene inalolera kugona pakonkire manja akunjenjemera m'malo moimba foni kutsidya kwa mlatho. Anakwiyira lamulo limene chaka ndi chaka linkalandira ndalama za mkuluyo n'kumudindira pepala popanda wina kunena kuti bambo, tatambasulani manja tione, lamulo lomwelo limene linayesa manja a Warrick kukhala a chigawenga. Ndipo anadzikwiyira yekha, chifukwa ngakhale a Neville akanaimba foniyo, akanaimbira munthu amene anadzitama tauni yonse kuti manja ake amathera pakati pa mlatho. Anthu awiri aliuma anali atathandizana ndi lamulo lopusa kumanga mpanda, ndipo mkuluyo anakalambira yekha kuseri kwake.

Anayamba ntchito. Anadula chidutswa chonse chodwalacho, tepi ndi phala zili pomwepo, n'kuchiika m'thumba la malaya. Anayeza paipi yatsopano, anaipinda pabondo monga a Neville ankachitira, anayatsa moto. Mtovu unayenda mozungulira polumikizirapo kamodzi kokha, mosalala. Anapopa mpweya wonse woipa kuutulutsa m'mapaipi, zimene zimafuna kudekha ndipo sizithamangitsidwa ngakhale mwini ntchito ataima pamsana pako, kenako anathira gasi watsopano. Dzuwa linali litapendeka n'kuyamba kumenya khoma lomwelo pamene kompuresa inasintha kaliridwe, n'kuyamba kulira mokhuta. Anagwira paipi yobwerera ndipo anaimva ikuzizira m'manja mwake.

Panatsala kukaona m'kati. Akanatha kutuma Noelene kuti akawerenge choyezera, koma analowa yekha n'kukankha chitseko cholemeracho kumbuyo kwake. Pansi panali ponyowa ndi ayezi wosungunuka, matumba ake ali ndi dzina la bala. A Neville anagona pakabedi kachitsulo atafunditsidwa nsalu yoyera mpaka pachifuwa. Anali atachepa kwambiri. Nkhope inali ikadali yawo, nsagwada zili gwa ngati akufuna kutsutsa zinazake, ndipo manja anali pamwamba pa nsaluyo. Pazala za kumanzere panali zipsera zatsopano za moto, zimene munthu wa zaka makumi asanu pantchito imeneyi sakhala nazo.

Warrick anali atasunga mawu ambiri zaka zonsezi, okonzedwa bwino, ena ankawayeserera poyendetsa galimoto. Anawafufuza, koma sanapezepo ndi amodzi omwe oti angagwire ntchito m'chipinda muno.

"A madala, mukanangoimba," anatero. "Ndikanatukwana, koma ndikanabwera."

Mpweya wozizira unali utayamba kutsika kuchokera kudenga, n'kumagwedeza pang'ono tsitsi loyera la mkuluyo. Warrick anayang'ana choyezera, anaona nambala ikutsika, anakonza nsalu imene inapindika paphewa, n'kutuluka.

Noelene anali panja ndi mayi Glenys. Anathokoza mwaulemu wake uja, kenako anafunsa funso limene Warrick ankadziwa kuti libwera. Anati a inshuwalansi adzafuna kudziwa chimene chinavuta, ndipo nayenso akufuna kudziwa, chifukwa a Neville anabwera mwezi watha kudzaona makinawa, anakhala kuseriko tsiku lathunthu, n'kumuuza kuti zonse zili bwino.

Mayi Glenys sanayang'ane Noelene. Anayang'ana thumba la malaya, pamene chidutswa chija chinatukumula dzina la amuna awo, kenako anayang'ana Warrick m'maso. Iwo ndi amene anachotsa mabatani aja. Ankadziwa, ndipo sanapemphe chilichonse.

"Paipi inatha ndi ukalamba," anatero Warrick. "Zimachitika. Imabookera m'kati, sungaione."

"Ndiye a Neville sakanaiona?"

"Ngati ananena kuti ili bwino, mwezi watha inali bwino."

Noelene anagwedeza mutu n'kulowa kukaimba foni. Warrick anatsala ndi mayi Glenys pamthunzi wopyapyala wa khonde. Bodzalo linamuwawa, chifukwa linali bodza lake loyamba lokhudza ntchito, ndipo analinenera munthu amene sanamupepese mpaka kufa. Anatulutsa foni, anafufuta zithunzi ziwiri zija mayiwo akuona, n'kuibweza m'thumba la buluku.

"Zinayamba liti?" anafunsa.

Mayi Glenys anati chilimwe chathachi ndi pamene zinafika poipa, koma supuni inayamba kugogoda kapu m'manja mwa a Neville kalekale. Anawauza kuti apume, anawauza kuti aitane Warrick, ndipo a Neville anayankha kuti bola afe. Anati mwamuna wawo ankaopa kuti anthu a kumpoto akadziwa, atsala opanda wowakonzera makina, popeza wa kumwerayo analumbira kuti sadzawolokanso.

"Anagwiranso kuti chaka chino?"

Mayiwo anayamba kuwerenga pazala. Kubutchala. Kunyumba ya okalamba, makina a chipinda chodyera ndi a zipinda zina zogona. Kusukulu. Firiji ya mankhwala kwa dokotala wa ziweto. Kubala kawiri. Zala za dzanja limodzi zinatha, anayamba linalo, ndipo Warrick anatseka maso. Mbali yonse ya kumpoto inali itakhala pa tepi wakuda, m'kati mwa chilimwe, ndipo zonsezo zinali zovomerezeka ndi lamulo. Iye anali ndi milungu yochepa chabe imene chiphaso cha malemu chinatsala nayo.

"Mundipezere malaya ena," anatero. "Awa anyowa. Ndipo mundifunsire kuofesi kwanuko kuti pepala lawo lopusalo amalipempha bwanji. Koma muwauze kuti ndikulipira ndikutukwana."

"Ndiwauza kuti ndiwe wa kwa Pratten. Adziwa okha."

Bronwyn anatera Lachisanu m'mawa atavala juzi la ku Canada limene anaiwala kuvula. Mayi Glenys anapita naye molunjika kwa Noelene, ndipo anakhala ndi bambo ake nthawi yaitali, chitseko chili chotseka. Warrick anali panja, wagwada pa katoni yake kuonanso ngati polumikizira paja pakugwirabe. Atatuluka, maso ali psuu, Bronwyn anamuona, anaona malayawo, ndipo anabwera kudzamugwira dzanja ndi manja ake awiri. Anati wawaona, ali bwinobwino, ngati angogona pampando wawo masana. Anati Noelene wamuuza kuti chipinda chimenechi anachimanga ndi bambo ake iye asanabadwe.

"Tangoganizani, achimwene," anatero akuyesa kumwetulira. "Mpaka lero ntchito ya manja awo ndi imene yawasunga kuti ndiwaone. Adadi sankadziwa kugwira ntchito yachinyengo."

Warrick anayang'ana makinawo, anayang'ana khoma limene dzulo lake analipaka penti kuti mizere yakuda ija isaoneke.

"Ankaidziwa ntchito," anatero. "Zonse zimene ndimadziwa anandiphunzitsa ndi iwo."

Bronwyn anamupempha kuti abwere kunyumba adzamwe tiyi ndi abale, koma iye anapepesa, anati kubutchala akumudikira. Anatola katoni yake, anamata bwino malaya pachifuwa, n'kuona ngati kampeni kodulira tepi kali m'thumba asanalize pikapu.